Lusiya ndi Ndiwo Zopanda Mchere

1

Inu amene mukuwerenga, ndi inu amene maso anatha ndipo akukuwerengerani adzukulu, khalani pansi pang'ono mundimvere. Ndikulira mlamu wanga, Lusiya Nabanda wa kwa Lukwa. Anamuika m'manda mwezi wathawu, ine kulibe.

Dzina langa ndine Lefina, mwana wa a Tsoka Phiri, kuno kwa Simlemba. Mukamadutsa kuno mudzaona zigafa zisanu za fodya zitandandalikana, ndi khola lalikulu kumunsi kwake. Anthu amati pa Tsoka. Mwini wake lero ndi Kalekeni, mwana wa mchimwene wanga, amene ndinamulera ine kuyambira ali ndi zaka zitatu. Mayi wake womubereka ndi Lusiya ameneyu. Kalekeni wakula, wamera imvi, waona adzukulu, koma dzina la mayi wake samalitchula. Amangoti "mayi uja". Chimene chinachititsa zimenezi ndicho ndikufuna kunena. Ndakhala ndikuyamba n'kusiya, kuyamba n'kusiya. Lero ndimaliza.

2

Malo ano poyamba inali thengo. Adada anga a Tsoka anagwira ntchito m'minda ya fodya ku Halale, nabwera ndi nkhwangwa, chikhoti chimodzi, ndi nzeru za fodya m'mutu. Anagwetsa misuku okha, amayi akutentha zitsa. Fodya wake anali wa chikopa, uja wakuda woumitsa ndi utsi. Ng'ombe anayamba ndi ziwiri. Pamene amayi amamwalira zinali zisanu ndi zitatu.

Kuno kumpoto ife timalowola ngati anzathu Atumbuka, ana amakhala a kwa bambo. Ndiye mchimwene wanga Lameki atamuona Lusiya, ng'ombe zisanu zinatuluka m'khola kupita kwa Lukwa. Kwawoko mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, koma atsibweni ake ataona ng'ombe anati, "Mtengeni." Anabwera 1951. Chaka chotsatira anabereka Kalekeni. Mwana asanayambe kuyenda, Lameki anakwera galimoto ya ku Joni, akuti zaka ziwiri zokha.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditabwerako ku ukwati, unatha wopanda mwana. Pakhomo tinatsala atatu: adada, ine, ndi mtengwa wa khanda kumsana.

Mkazi ameneyu sankakhala pansi. Tsiku lina anaima kuseri kwa khola akuyang'ana ndowe, nthawi yaitali. Paja mpongozi salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso, ndiye iye ndi adada anali ndi njira yawo. Panali msuku umodzi umene adada anausiya pabwalo. Amalankhula ndi umenewo.

"Iwe msuku," anatero Lusiya atagwada cham'mbali, "uwauze adada kuti khola ili lisunthe. Pamene pali kholapa tidzalepo fodya."

Adada anayang'ananso mtengo womwewo. "Msuku, uwafunse amake Kalekeni ngati kwawo kwa Lukwa amasuta ndowe."

"Uwayankhe kuti kwathu ndowe sitisuta, koma sitiisiyanso ikungogona ngati mwamuna wa mowa."

Adada anaseka mpaka kutsokomola. Khola linasuntha. Fodya amene anamera pamenepo, tsamba lake limakwana kufunditsa mwana. Kuyambira pamenepo khola limasuntha chaka ndi chaka, fodya akulitsatira m'mbuyo. Mpaka lero ndi mmene timachitira, ndipo alimi amabwera kudzaonera. Lusiya yemweyo anaweta mbuzi nazisinthanitsa ndi misoti iwiri ya ng'ombe. Khola limene linaphwa chifukwa cha iye linayamba kudzazanso chifukwa cha iye.

Chimene chinandilasa ine ndi moto. Fodya wa chikopa ukamusoka n'kumupachika pa mikangala m'chigafa, pansi pake umakumba maenje n'kusonkhamo moto wa nkhuni zaziwisi. Sufuna lawi, umafuna utsi wokha, masiku ambiri. Adada moto umenewo sankalola munthu wina. Ndipo anali ndi lamulo lawo: masiku ofukiza, aliyense wokhudza chigafa akhale wozizira, asayandikane ndi mwamuna kapena mkazi. Amati dzanja lotentha limadzutsa lawi.

Mu 1954 ndinawamva akuuza msuku uja kuti, "Uwauze amake Kalekeni kuti moto ndi wawo tsopano."

Ine mwana wawo wobereka, ntchito yanga inali kutunga madzi ndi kutola nkhuni.

3

Chaka cha 1955 mvula inagwa bwino. Fodya anadzaza chigafa mpaka kudenga. Panali bambo wina woyendetsa ngolo, a Aloysius, amene amatitutira nkhuni ndi kutitengera fodya kumsika. Anayang'ana m'chigafa, nati, "A Phiri, chaka chino ng'ombe zanga zithyoka misana."

Pakhomo pathu poti amayi kunalibe, ine ndi Lusiya timaphika pa mafuwa amodzi mosinthana. Lachiwiri lina masana adada anabwera kuchokera kumunda, nakhala pansi pa msuku. Ananyema, kusunsa m'ndiwo, kuika m'kamwa. Anaima kutafuna.

"Nkhwani uyu wathawa mchere. Waphika ndani?"

Inu achinyamata mwina simudziwa. Kalelo mkazi akasiya kuthira mchere sikunali kuiwala. Mkazi sathira mchere akakhala kumwezi, kapena akakhala kuti wayenda ndi mwamuna wa kutchire, chifukwa akathira amadula anthu a m'nyumba. Amatupa, amatsokomola, ena amafa. Ndiwo mdulo umenewo.

Ndiye Lusiya, ali kuseri kwa nkhokwe, anayankha mokweza. "Msuku, uwauze adada kuti ndine. Ndinaiwala, mutu uli ku chigafa."

Adada anangoti, "Hmm," natuma ine kukatenga mchere m'chikho, nathira okha.

Lachinayi Kalekeni anadzuka ndi chifuwa, kupuma kwake kukulira ngati mluzu. Lachisanu m'mamawa Lusiya anamubereka kuti apite naye ku mishoni ku Nkhamenya kukapempha mankhwala. Ndi mtunda, amayenera kugona konko. Linalinso tsiku la dipi, adada amapita ndi ng'ombe. Asananyamuke, Lusiya anasonkha moto wake m'maenje onse anayi, nandiitana.

"Alamu, musachokepo. Mukaona kalawi kadzuka, mwazani madzi pang'ono. Mukaona ukuzima, ikanipo chikuni chimodzi chachiwisi. Chimodzi. Zouma ayi."

"Ndamva. Kapena mukuyesa moto ndauona lero?"

"Sindikunyozani. Ndikungonena."

Tsopano ndikuuzani monga mmene ndinauzira anthu tsiku limenelo. Ndinati ndinakhala pakhomo pa chigafa m'mawa wonse. Ndinati sindinaikepo kanthu, moto unali uja anasiya mwini wake. Ndinati dzuwa lili pamutu ndinangopita pachitsime kukatunga ndowa imodzi, ndipo pobwera ndinapeza lawi latulukira kudenga.

Fodya wouma sachedwa. Anthu pofika ndi nthambi ndi mitsuko, denga linali litagwa kale. Fungo lake linamveka mpaka midzi itatu. Adada anafika ng'ombe zili zonyowa ndi mankhwala a dipi. Anaima, chipewa m'manja. Sanakalipe. Anangofunsa, "Anasonkha ndani?"

Ndinati, "Alamu."

4

Lusiya anabwera Loweruka masana, mwana kumsana, napeza phulusa likufukabe. Anakhala pansi pomwepo osamasula mwana.

Pofika Lolemba nkhani inali itapsa kale m'mudzi. Ndiwo zopanda mchere Lachiwiri. Mwana chifuwa Lachinayi. Chigafa Lachisanu. Mwamuna ali ku Joni chaka chachitatu. Anthu amangowerenga ndi zala.

Adada anaitanitsa atsibweni ake a Lusiya kuchokera kwa Lukwa. Tinakhala pabwalo pathu, amuna uku, akazi uku, pamodzi ndi anamkungwi awiri a m'mudzi. A Aloysius nawonso analipo kumbali ya amuna, poti anali ngati munthu wa pakhomo. Tsiku limenelo msuku panalibe amene anaulankhula. Amafunsa ndi nankungwi wamkulu.

"Mwana wanga, Lachiwiri lija unali kumwezi?"

Akanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo. Palibe akanatsutsa. Koma Lusiya bodza limamuvuta.

"Yayi, sindinali."

"Nanga mchere unausiyiranji?"

"Sindine ndinaphika. Anaphika ndi alamu a Lefina. Ine ndinayesa ali kumwezi ndipo akuchita manyazi pamaso pa bambo awo, ndiye ndinawayankhira."

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinamva mawu anga akutuluka osanjenjemera. "Ine Lachiwiri ndinali ku nkhuni. Adada anamva okha amene anavomera."

Lusiya anadzuka, chinthu chimene mtengwa sachita pamaso pa apongozi.

"Lefina, undiyang'ane. Unatsuka nkhwani ndani? Unasinja nsinjiro ndani? Sunandibwereke chipande changa iwe?"

"Mukundisokoneza ndi tsiku lina."

"Tsiku lina liti? Ndiwo zopanda mchere zaphikidwa kangati pakhomo pano?"

Atsibweni ake anamukoka nsalu kuti akhale. Nankungwi anati, "Tchula mwamunayo, mwana wanga, alipire, iwe upepuke, mwana achire."

"Mwamuna wanga ndi Lameki. Ngati mukufuna wina, mundipatse ndinu, chifukwa ine nthawi yomufuna ndinalibe. Usana ndili kumunda, m'mawa ndili kukhola. Ndikanakumana naye pati, m'mphako?"

Ena anaseka, koma kuseka sikunamuthandize. Adada anakanda pansi ndi kamtengo. Kenako anati, "Ine ndinamva ndi makutu anga akuti ndine. Lero akuti si ine. Mawu awiri m'kamwa mmodzi. Lameki adziwe, anene yekha."

Wolemba kalata pakhomo ndinali ine. Adada amanena, ine ndikulemba. Zimene ananena adada zinali zochepa. Ine ndinaonjezamo zanga.

Yankho linabwera patapita miyezi iwiri, mizere itatu yokha. Apite kwawo. Mwana atsale, ng'ombe zinapita. Lameki mwiniyo sanabwerenso, anatchona komweko mpaka imfa.

Tsiku lonyamuka, Lusiya anasambitsa Kalekeni, namudzoza nsatsi, namukhazika pa mphasa ndi mbatata m'manja kuti asaone. Kenako anabwera kwa ine.

"Sakonda phala lamadzi. Akamatsokomola uzimugoneka chammbali."

Sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana.

5

Anabweranso kamodzi, 1957, nthawi yokolola mtedza. Anayenda wapansi kuchokera kwa Lukwa. Ndinamuonera patali akutsika kudambo, ndipo ndinathamangitsa mwana kwa anansi. Anandipeza ndikusoka fodya pa chigafa chatsopano.

"Ali kuti?"

"Wapita ndi agogo ake."

Anayang'ana khola, naona kuti lasuntha malo. Anayang'ana fodya amene ndimasoka.

"Mukuthena nsonga zake mochedwa. Masamba apamwamba achepa." Anakhala pa chitsa. "Lefina, ine ndaganiza zaka ziwiri. Iwe sunali kumwezi tsiku lija. Ukanakhala kumwezi ukanangonena, nkhani yake ndi yaing'ono. Unali ndi chako chobisa. Sindikufunsa kuti ndani. Ndikufunsa kuti udzanena liti."

Singano inandibaya chala. Ndinati, "Adada akadzamwalira. Panopa angandithamangitse, ndilibe kolowera."

"Mwana wanga akhala atakula."

"Ndidzanena, alamu. Ndikulumbira."

Anasiya kathumba ka mtedza wokazinga. Ndinampatsa mwana, osamuuza kumene kachokera.

Adada anamwalira 1959. Pa maliro ndinati ndinena tikameta. Titameta ndinati ndinena tikagulitsa fodya. Kenako Kalekeni anayamba sukulu, ndinati asasokonezeke. Kenako anayamba kunditcha amayi pamaso pa anzake. Munda unali m'manja mwanga, moto wa m'chigafa unali wanga, anthu amati mwana wa Tsoka ndi mkazi wamphamvu, taonani nzeru yake ya khola. Ndinalandira zonsezo.

Kalekeni atakula anatenga munda naukuza, nasiya chikopa kuyamba fodya wa bale, uja woumitsa ndi mphepo. Lusiya anakwatiwanso kwawo, koma sanaberekenso. Anatumizapo uthenga kawiri konse kuti akufuna kuona mwana wake. Kalekeni anayankha yekha, ine osamuuza chonena: "Mayi amene anafuna kundipha ndi mdulo ndikamuonerenji?"

6

Mwezi wathawu, Lachitatu madzulo dzuwa lisanalowe, kunabwera munthu pa njinga kuchokera kwa Lukwa. Anati gogo Nabanda atisiya m'mawa, mwambo wa maliro ndi mawa masana. Anati asanatseke maso anapempha kuti mwana wawo adzaponye dothi.

Kalekeni anamupatsa madzi akumwa, namuperekeza. Pobwera anati, "Azakhali, musadandaule. Ine mayi anga ndinu. Sindipita."

Ndikanayenera kunena pomwepo. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chakuti, "Chabwino, mwanangu." Ndinalowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinazungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinasesa posesa kale. Dzuwa linakwera. Pamene ndinalimba mtima kupita kukhola, linali litayandikira pamutu, ng'ombe zitatuluka kale, iye akumanga mpanda.

"Kalekeni, siya kaye waya. Ndiwo zija ndinaphika ndine."

"Ndiwo ziti?"

"Zopanda mchere. Ndinali ndikuyenda ndi a Aloysius a ngolo, mwamuna wa mwini, wa ukwati wa m'tchalitchi. Timakumana kukhwawa kumene amadula nkhuni. Ndinaopa kuthira mchere kuti ndingadule adada ndi iwe. Amayi ako anandiyankhira pondimvera chisoni."

Anaima, pulayara m'manja.

"Tsiku la moto sindinapite kuchitsime. Tinapangana kukhwawa. Ndinaopa kuti moto uzima ndisanabwere, ndiye ndinathira zitsononkho zouma m'maenje onse anayi, dengu lathunthu. Ndinachoka dzuwa lili apa, ndinabwera nditaona utsi. Chifuwa chako chinali chifuwa chabe, unachira ndi mankhwala amene anakatenga iwo. Kalata ya kwa bambo ako ndinaonjezamo kuti ndinawaona ndi mwamuna. Anabwera kudzakuona uli ndi zaka zisanu, ine ndinakubisa. Khola losuntha ndi nzeru yawo. Ng'ombe zimene ukuwetazi, theka ndi zochokera ku misoti yawo."

Kalekeni anafunsa mofatsa, ngati akufunsa mtengo wa feteleza.

"Dzulo munthu uja atabwera, zimenezi mumazidziwa?"

"Ndimazidziwa."

"Ndiye munagona nazo."

Anaika pulayara pa mtengo, nayenda kupita ku galimoto ndi zovala zomwezo za kukhola. Ndinamutsatira. "Ndipite nawo." Anatseka chitseko, nandiyang'ana pawindo.

"Munandilera bwino, azakhali. Chikundipweteka n'chimenecho. Tsalani."

Anabwera mawa lake. Nsapato zake zinali ndi dothi lofiira. Anaima pakhomo panga osalowa.

"Ndinapeza atakwirira. Amuna anali akutsuka makasu. Anandifunsa kuti ndinu ndani."

7

Kuyambira tsiku limenelo Kalekeni sanandithamangitse. Ufa umabwera, nkhuni zimabwera, mkaka mkazi wake amatumiza m'mawa uliwonse. Akandiona amandipatsa moni wa ulemu, monga amachitira ndi nkhalamba iliyonse ya m'mudzi. Lamlungu lapitali anasonkhanitsa ana ake ndi adzukulu pabwalo, nandiuza kuti ndinene zonse pamaso pawo. Ndinanena. Mdzukulu wina wamkazi anafunsa kuti agogo akewo amaoneka bwanji, ndipo Kalekeni anatembenukira kwa ine, chifukwa iye sadziwa. Chithunzi palibe. Amene watsala wodziwa nkhope yawo ndine ndekha, amene ndinawachotsa.

Anali wamfupi, wakuda bwino, wa mpata kumano. Poyenda amafulumira ngati wasiya kanthu pamoto.

Inu owerenga, sindikupempha kuti mundikhululukire. Amene akanatha kutero anamukwirira kwa Lukwa. Sindikuphunzitsaninso kanthu, ine ndine ndani. Ndingoti, ngati muli ndi mawu amene mukuti mudzanena wakuti akadzamwalira, kapena mukadzakolola, dziwani kuti ine ndinachedwa zaka zonsezi, ndipo pamapeto pake chimene chinamumana mwana dothi la mayi wake ndi usiku umodzi wokha.

Masiku anga atsala ochepa, ndipo ndikapita anthu adzapitiriza kunena kuti pa Tsoka. Adada anagwetsadi mitengo, dzina lawo likhale. Koma mukamadzadutsa pano n'kuona fodya wabiriwira pamene chaka chatha panali khola, mudzauze amene muli naye pafupi kuti anayambitsa ndi Lusiya Nabanda wa kwa Lukwa, mayi wake wa Kalekeni, ndipo kuti chigafa cha 1955 sanawotche iye. Mudzanene mokweza, ana amve.